Penti Sachiza Dzimbiri

Mawu owerenga: Ezekieli 13:8-16, Ezekieli 36:25-27, Mateyu 23:25-28

 Musanapitirire, tsegulani Baibulo lanu muwerenge ndime zili pamwambazi, chifukwa zonse zimene ndinene zatsamira pamenepo.

Mneneri Ezekieli ndi mnzathu m'njira imodzi: nayenso ankalalikira anthu okhala kutali ndi kwawo. Anali wansembe, ndipo anatengedwa kupita ku Babulo pamodzi ndi mfumu Yehoyakini m'chaka cha 597 Yesu asanabadwe. Ankakhala pakati pa anzake a mu ukapolo m'mbali mwa mtsinje wa Kebara, makutu awo ali ku Yerusalemu, monga mmene ife timakhalira kuno makutu ali kumudzi. Nthawi imeneyo kunali aneneri ena amene ankauza anthu kuti zonse zili bwino, pamene mzinda unali pafupi kugwa. Mulungu anawafanizira ndi anthu amene apeza khoma lomangidwa mwachinyengo, ndipo m'malo moligwetsa n'kumanganso, akungolipaka njereza kuti lioneke loyera. Anachenjeza kuti kudzagwa mvula yamphamvu, matalala ndi mphepo yamkuntho, khomalo lidzagwa, ndipo anthu adzafunsa kumene kwapita njereza ija. Patapita zaka pafupifupi khumi chitengedwere Ezekieli, Yerusalemu anagwadi.

Ambuye Yesu anabwereza chithunzi chomwechi pa Mateyu 23, pamene anayerekeza alembi ndi Afarisi ndi manda opakidwa njereza, okongola kunja koma mkati muli mafupa. Akuluakulu athu kwathu anaziona kalekale: chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Funso la lero ndi lakuti, Mulungu akafuna kukonza munthu amayambira pati, ndipo n'chifukwa chiyani ntchito yake imaoneka yochedwa ndi yopweteka chotere?

Yankho lina ndalipeza m'shedi ya kuseri kwa nyumba yathu. M'bale wina wa mumpingo mwathu, amene wangobwera kumene kuno ku Britain, anapeza ntchito yosamalira okalamba, ndipo amayenera kufika ku ntchito mabasi asanayambe kuyenda. Agogo ena oyandikana nafe anali ndi njinga yakale ya Raleigh imene inakhala zaka zambiri osakweredwa, ndipo atamva nkhaniyi anandipatsa kuti ndiikonze. Ambiri a ife dzina la Raleigh tinalimva tili ana, pamodzi ndi Humber, pa njinga zimene makolo athu ankapitira kumunda, kuchigayo ndi kumsika. Dzinali linachokera ku msewu wotchedwa Raleigh Street mumzinda wa Nottingham, kumene kampaniyi inayambira m'zaka za m'ma 1880, ndipo njinga zinkapangidwa kumeneko mpaka 2002. Choncho ndinali nditagwira chinthu chopangidwa bwino ndi amisiri odziwa ntchito yawo, koma chodyedwa ndi dzimbiri.

Kuphwasula

Ntchito yoyamba ndi kuchotsa chilichonse pa felemu: mateyala, tcheni, mabuleki, madigadi, kaliyala, chishalo, mahandulo, foloko ndi mapedulo. Njinga imene inkaoneka ngati njinga imasanduka mulu wa zitsulo pansi. Wina atalowa m'shedimo nthawi imeneyo anganene kuti ndikuiwononga.

Abale, pali nyengo zimene Mulungu amatiphwasula. Ntchito imene tinkaidalira imatha. Mapepala amachedwa. Thupi limene linkapirira mashifiti awiri motsatizana limayamba kukana. Udindo umene tinali nawo kwathu, kumene anthu ankatiimirira tikalowa, kuno palibe amene akuudziwa. Sindikunena kuti vuto lililonse ndi chilango, chifukwa buku la Yobu linalembedwa kuti litiletse kuganiza choncho. Ndikunena kuti zimene zinatikuta zikachotsedwa, m'pamene chimaoneka chimene chatinyamula masiku onsewa, ndipo mmisiri sangakonze felemu imene sakuiona.

Pophwasulapo pali chinthu china chimene aliyense wokonza njinga amachidziwa. Pedulo ya kumanzere mazinga ake ndi otembenuka. Mabauti ambiri umamasula popotokolera mbali imodzi, koma iyi ukaipotokolera mbali yomweyo ukuimangitsa, ndipo ukaumirira ndi mphamvu uwononga mazinga. Mu Ufumu wa Mulungu muli zinthu zambiri zamazinga otembenuka chotere. Yesu anaphunzitsa kuti wofuna kukhala wamkulu atumikire anzake, ndi kuti wokakamira moyo wake adzautaya. Ena a ife takhala zaka tikulimbana ndi mkwiyo powonjezera mkwiyo, tikulimbana ndi manyazi a ngongole potenga ngongole ina, ndipo tikudabwa kuti bwanji sizikumasuka. Yesani mbali inayo. Pepesani inu poyamba. Nenani zoona kwa akazi anu kapena amuna anu za ndalama zimene zili m'banki.

Dzimbiri limayambira pobisika

Dzimbiri limabwera chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya. Silifuna chigumula. Kachinyezi ka m'shedi, kapena mchere umene amathira m'misewu ya kuno nyengo yozizira, n'zokwanira. Kakang'ono kakakanda penti, madzi amalowa, ndipo dzimbiri limayenda pansi pa pentiyo. Popeza dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, limatukula penti n'kupanga timatuza. Ukaona kathuza kamodzi kunja, dziwa kuti pansi pake nkhani yapita kale patali.

Choopsa kwambiri ndi dzimbiri la mkati mwa mapaipi. Madzi amalowa pa chishalo n'kutsikira pansi pa felemu, pamene pamazungulira mapedulo, ndipo amakhala pamenepo. Felemu ikhoza kuwala kunja pamene mkati chitsulo chatsala chopyapyala ngati pepala. N'chifukwa chake ndinaunika ndi tochi m'paipi iliyonse, ndikugogoda ndi kasipanala kuti ndimve ngati chitsulo chikulira bwino.

Ifenso kuno timadziwa kupaka penti. Timajambulitsa pafupi ndi galimoto yabwino, chithunzi n'kupita pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo kumudzi amati zinthu zinatiyendera. Lamlungu timafika ku tchalitchi titatchena, tikufunsana kuti muli bwanji, tonse n'kuyankha kuti tili bwino. Koma pali nyumba zina mmene bambo ndi mayi sanalankhulane mwaulemu kwa miyezi. Pali achinyamata amene amalankhula ndi foni usiku wonse chifukwa makolo awo ali ku ntchito nthawi zonse. Pali m'bale amene anayamba ndi botolo limodzi kuti apeze tulo atachoka ku shifiti, lero sangagone popanda mabotolo anayi. Pali mlongo amene amatumiza ndalama kumudzi mwezi uliwonse, iye akudya kamodzi pa tsiku, ndipo mumtima mwake mwayamba kumera chidani ndi abale ake omwe. Zonsezi ndi madzi okhala pansi pa felemu. Pa 1 Samueli 16:7 Mulungu anakumbutsa Samueli kuti munthu amaona zakunja, pamene Iye amayang'ana mumtima. Tochi yake imafika m'mapaipi.

Kupala mpaka chitsulo chioneke

Chiyeso chachikulu kwa wokonza njinga ndi kugula chitini cha penti n'kupopera pamwamba pa zonse. Madzulo amodzi ntchito yatha, ndipo njinga ikuwala. Koma dzimbiri lokwiriridwa silifa. Limapitiriza kudya, ndipo miyezi ingapo ikapita timatuza timabwerera pamalo pomwe paja. Imeneyi ndiyo njereza ya pa Ezekieli 13.

Njira yoona ndi kupala. Umayamba ndi sandipepa wokhakhala, wa nambala 80 kapena 120, kuchotsa penti wakale ndi dzimbiri. Kenako umabwera ndi wa 240, kenako wa 400, kuti chitsulo chisalale. M'makona, mmene mapaipi amakumana, mumafunika bulashi yawaya ndi chala choleza mtima, chifukwa m'menemo ndi mmene dzimbiri limabisala. Ndinagwira ntchitoyi chitseko chili chotsegula, nditavala chotchinga kukamwa ndi mphuno, chifukwa penti wina wakale amakhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake ndi loopsa makamaka kwa ana. Zinanditengera madzulo ambiri, zala zikuwawa.

Kulapa ndi kupala kotere. Mfumu Davide, mneneri Natani atamuonetsa tchimo lake, sanapemphe Mulungu kuti amukonzere mbiri yake pamaso pa anthu. Mu Salimo 51 anavomereza kuti Mulungu amafuna choonadi mkati mwenimweni mwa munthu, ndipo anapempha mtima woyera. Zakeyu, pa Luka 19, sanangolandira Yesu m'nyumba n'kuphika chakudya. Analonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera. Anapala mpaka pa chitsulo. Kulapa kumene sikutchula tchimo ndi dzina lake, kumene sikubweza chimene chinatengedwa, kumene sikupita kukagogoda pakhomo la wolakwiridwa, ndi penti chabe.

Ndipo taonani ichi: felemu yopalidwa imaoneka yonyansa kuposa mmene inalili isanakhudzidwe. Munthu amene wayamba kunena zoona za moyo wake amaoneka wosokonekera kuposa amene akubisa. Mpingo uyenera kudziwa zimenezi. M'bale akabwera kwa akulu a mpingo kudzaulula kuti mowa wamugonjetsa, kapena mayi akauza anzake a m'chigwirizano kuti banja lake likugwa, ameneyo ali patsogolo pa ntchito ya Mulungu kuposa ife amene tikuwalabe. Nkhani yake ikatuluka m'chipindamo n'kuyamba kuyenda m'magulu a WhatsApp, taphunzitsa mpingo wonse kuti kubisa n'kwabwino, ndipo tidzayankha mlandu umenewo.

Chingwe ndi mng'alu

Chitsulo chikaoneka, m'pamene umatha kuyesa ngati felemu ili yowongoka. Amisiri ali ndi njira yosavuta. Umamanga chingwe pamene pamalowa teyala lakumbuyo mbali imodzi, n'kuchizunguliza ku paipi yakutsogolo, n'kuchibweza mbali inayo. Kenako umayeza mpata wa pakati pa chingwe ndi paipi ya chishalo, kumanja ndi kumanzere. Mipata iwiriyo ikasiyana, felemu inapindika, ndipo njingayo izikokera mbali imodzi ngakhale wokwerayo awongole bwanji. Diso lokha silingaone zimenezi. Mneneri Amosi, pa mutu 7, anaona Ambuye ataimirira pa khoma ndi chingwe choyezera m'dzanja. Chingwe chathu ndi Mawu a Mulungu. Tikamadziyeza ndi anzathu a ku ntchito kapena ndi zimene aliyense akuchita kuno, tonse tidzaoneka owongoka, chifukwa tapindikira mbali imodzi.

Umayang'ananso ming'alu, makamaka m'malo olumikizira. Apa ndi pamene nkhani ya penti imasanduka nkhani ya moyo ndi imfa. M'bale uja adzatsika chitunda ndi njingayi m'bandakucha, mumsewu wonyowa, magalimoto akudutsa. Mng'alu wobisidwa ndi penti pa foloko ukhoza kumupha. Felemu imene ndinali nayo inalibe mng'alu, koma ukanapezeka, sandipepa wanga sakanathandiza. Ikanayenera kupita kwa mmisiri wowotcherera, kumoto.

Pali mabala ena amene sitingawakonze tokha kunyumba. Munthu amene akumenyedwa m'banja, amene maganizo ofuna kudzipha akumubwerera, amene juga ya pa foni yamudyera malipiro onse, asauzidwe kuti angopemphera n'kukhala chete. Pempherani, inde, ndipo pitaninso kwa abusa, kwa dokotala, kwa alangizi, ndipo ngati moyo uli pangozi, kwa apolisi. Mulungu amagwira ntchito kudzera m'manja a anthu amenewa. Mutu umodzi susenza denga.

Nambala ya mwini

Ndikupala pansi pa felemu ndinapeza nambala yodindidwa m'chitsulo momwemo. Njinga zimakhala ndi nambala yotere kuchokera ku fakitale, ndipo njinga ikabedwa apolisi amafunsa nambala imeneyi, chifukwa wakuba akhoza kusintha mtundu wa penti, chishalo ndi mateyala, koma nambala imatsala. Penti wakale ndi litsiro zinali zitaikwirira, koma inalipo masiku onsewo.

Ndikulankhula ndi inu amene mukuona ngati dzimbiri lanu lafika poti Mulungu sangakuzindikireninso. Genesis 1 amatiuza kuti munthu analengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Pa Yesaya 49 Mulungu akuuza anthu a mu ukapolo, amene ankadandaula kuti wawaiwala, kuti anawalemba m'zikhatho za manja ake. Chizindikiro cha Mwini chili m'chitsulo, pansi pa zonse zimene zaka zakupakani. Iye sakupala kuti akuchititseni manyazi. Akupala chifukwa akudziwa chimene anapanga, ndipo mtengo umene analipira pa mtanda kuti akuwomboleni ukuonetsa kuti sakuganiza zokutayani ku dzala.

Kupaka pang'onopang'ono

Chitsulo chopalidwa sichiyenera kukhala pamtunda nthawi yaitali, chifukwa chinyezi chimayambanso ntchito yake msanga. Umachipukuta ndi mankhwala ochotsa mafuta, osachigwiranso ndi manja, popeza ngakhale mafuta a m'zala amalepheretsa penti kugwira. Umatseka mazinga onse ndi tepi. Kenako umapaka penti woyamba, amene amisiri amati primer. Ndi wotuwa, wosakongola, ndipo njinga ikatha palibe amene adzamuone. Koma ndi amene amagwira chitsulo, ndipo penti wokongola amagwira pa iye.

Yesu anachenjeza pa Mateyu 12 za nyumba yosesedwa koma yosiyidwa yopanda kanthu, kuti mzimu woipa umabwerera ndi anzake. Kuleka tchimo kokha sikukwanira. Pamalo popalidwa payenera kubwera china msanga: pemphero la m'mawa limene palibe amene amaliona, kuwerenga Mawu pa nthawi yopuma ku ntchito, mnzanu mmodzi wokhulupirika amene ali ndi ufulu wokufunsani mafunso ovuta. Lonjezo la pa Ezekieli 36 lili ndi mbali zonse ziwiri. Mulungu akuti adzasambitsa anthu ake ndi kuchotsa mtima wamwala, ndipo akutinso adzawapatsa mtima watsopano ndi kuika Mzimu wake mwa iwo.

Popopera penti, chitini chimakhala patali pafupifupi masentimita 25, dzanja likuyenda osaima. Umapaka mopyapyala, n'kudikira, n'kupakanso. Ukafuna kumaliza ndi ulendo umodzi, penti amachuluka n'kuyenderera ngati misozi, ndipo uyenera kudikira aume kuti upalenso. Nyengo nayo ili ndi mawu: kukazizira kwambiri kapena kukakhala chinyezi, penti sagwira bwino, ndipo kuno masiku otere ndi ambiri. Ukamaliza, penti amauma pamwamba tsiku lomwelo, koma kuti alimbe mpaka mkati pamatenga masabata. Ukafulumira kumanga mabauti, amakandika. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tisamafulumizitse anthu amene Mulungu akuwakonza. Munthu amene walapa mwezi watha tisamuike pa guwa mwezi uno chifukwa choti ali ndi mphatso. Paulo analangiza Timoteo kuti woyang'anira mpingo asakhale wongotembenuka kumene, ndi kuti asafulumire kusanjika manja pa munthu. Banja limene layamba kulankhulananso lisayembekezere kuti chikhulupiriro chimene chinasweka kwa zaka chibwerere m'sabata imodzi. Ndipo inu amene mukudziona kuti simukusintha msanga, werengani Afilipi 1:6. Amene anayamba ntchito yabwino mwa inu ndi amene adzaitsirize, ndipo sanasiyepo ntchito pakati.

Njinga ndi yokwera

Cholinga cha ntchito yonseyi si kupachika njinga pa khoma kuti alendo aziisirira. Kwathu njinga imanyamula matumba a chimanga, mitolo ya nkhuni, mayi wodwala kupita kuchipatala, ndipo anyamata a kabaza amadyetsa mabanja awo ndi njinga. Njinga yokonzedwa bwino imabwerera mumsewu, imalowa m'matope, imakandikanso, ndipo mwini wake amaipukuta ndi kuithira mafuta.

Paulo, m'kalata yake kwa Filemoni, akunena za Onesimo, kapolo amene anachoka kwa mbuye wake n'kukumana ndi Uthenga Wabwino Paulo ali m'ndende. Dzina lakuti Onesimo limatanthauza wothandiza, ndipo Paulo akuti munthu amene kale anali wopanda phindu tsopano wakhala waphindu kwa onse awiri. Aefeso 2:10 amatiuza kuti ndife ntchito ya manja a Mulungu, olengedwa mwa Khristu kuti tichite ntchito zabwino. Mulungu akukukonzani kuti munyamule wina. Amene mwadutsa m'mavuto a mapepala, khalani pafupi ndi amene akudikira awo. Amene banja lanu linapulumuka, itanani achinyamata ongokwatirana kumene adzadye nanu nsima. Amene munasiya mowa, nambala yanu ya foni ikhale kwa m'bale amene akulimbana nawo usiku.

Sabata ino ndikupempha chinthu chimodzi kwa aliyense wa ife. Khalani pansi pamaso pa Mulungu ndipo mutchule malo amodzi pamene mwakhala mukupaka penti pamwamba pa dzimbiri. Mukatero, uzani munthu mmodzi wokhulupirika lisanafike Lamlungu likudzali, monga Yakobo 5:16 amatilangiza kuululirana machimo ndi kupemphererana.

Tiyeni tipemphere.

Atate wathu wakumwamba, Inu amene munatipanga ndipo mumadziwa za mkati mwathu, tabwera ndi dzimbiri lathu. Tatopa ndi kuoneka bwino pamaso pa anthu pamene mkati tikudyeka. Tipatseni kulimba mtima kuti tinene zoona, ndi kudekha pamene dzanja lanu likupala. Kumbukirani abale ndi alongo amene ali okhaokha m'dziko lino, amene akugwira ntchito usiku, amene mabanja awo ali pa mayesero, ndi amene tinawasiya kumudzi. Sandutsani mpingo wathu ukhale malo amene munthu angaulule bala lake osaopa kusekedwa. Tipatseni mtima watsopano ndi Mzimu wanu monga munalonjezera, ndipo mutibwezere mumsewu kuti tikanyamule anzathu. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu, Amen.